Dziwe la Atelala

Anthu odutsa pa minibasi amakonda kuyamikira katawuni kathu. Akafika pamlatho n'kuona madimba obiriwira ndi timadzi tikung'anima kumunsi, umamva wina akuti koma kuno ndiye kokhala. Ine ndikamva choncho ndimafuna kumutsitsa munthuyo, agone kuno mwezi wa Juni wokha, tione ngati angabwerezenso mawuwo. Komabe panali munthu mmodzi amene ankakhulupiriradi kuti padziko lonse palibe malo oposa ano, ndipo anali bambo anga. Anakhala kuno zaka zoposa makumi atatu, ndipo ankafuna kudzafera konkuno. Amene anawachotsa ndine, mwana wawo woyamba, ndipo ndinawachotsa ndikuganiza kuti ndikuwateteza.

Katawuniko kali pomwe msewu wopita kumalire a Zambia umaoloka mtsinje wina wothira mu Bua. M'zaka zimenezo kanali ndi timagolosale towerengeka, chigayo, tchalitchi, sukulu ya pulayimale, ndi malo pomwe madalaivala a malole ankaima kudya kanyenya. Nyengo yake siidziwa kuchita zinthu mwapakatikati. Juni ndi Julayi nkhungu imatuluka mumtsinje n'kukhala pamadenga mpaka cha m'ma naini, zovala pachingwe osauma, ana onse mamina chuchuchu. Okutobala akafika dzuwa limaotcha mpaka malata kumalira okha. Kenako mvula, matope ofika m'akakolo, ndi udzudzu woti ukauomba m'manja mumatsala magazi. Mayi ankati tinabadwira m'dambo ngati achule, ndipo chaka chilichonse ankalumbira kuti asamuka. Koma mudzi unali wawo, akanasamukira kuti.

Bambo anali mkamwini. Kwawo kunali kufupi ndi Kachebere, pamtunda wa miyala pomwe mudzi wonse unkamwa pachitsime chimodzi chakuya. Anabwera kuno ali mnyamata, makina osokera ali pamutu, napempha khonde la sitolo ina, ndipo mpaka kuchoka kwawo aliyense ankangowatchula kuti atelala. Kusambira anaphunzira atakula kale. Nkhani yake mayi ankaikonda kwambiri. Akuti pa nthawi ya chibwenzi bambo anafuna kudzionetsa, nalumphira m'dziwe pamaso pa atsikana ochapa, ndipo anawavuula ndi mayi omwewo powaponyera chitenje. Munthu wina akanadana nawo madzi mpaka kufa. Iwo anabwererako mawa lake ndi mkuja womwe, mpaka anadziwa.

Dziwelo linali kumtunda kwa mlatho, pomwe mtsinje umakhota pathanthwe. Silinali la munthu, koma wolisamala anali bambo. Mvula ikatha, madzi atayamba kuyera, ankatseka makina sabata yathunthu n'kulowa m'madzi ndi chikwanje ndi chingwe. Ankachotsa zitsa ndi minga zobwera ndi madzi osefukira, kufufuza pansi ndi mapazi kuti apeze mabotolo osweka, n'kusemanso makwerero pagombe ndi khasu. Nsungwi ndi mikuyu ya m'mbali anadzala okha. Palibe anawatuma, palibenso anawathokoza mokwanira. Tsiku lililonse ikakwana fili koloko ankaphimba makina ndi nsalu, kaya wina akudikira diresi la ukwati, n'kutsetsereka thaulo lili paphewa. Ngakhale mu Juni ankalowa, n'kutuluka milomo itatuwa, mano akugundana, akunena kuti amenewo ndiwo mankhwala a chimfine. Mayi ankauza anzawo kuti iwo anakwatiwa ndi katumbu.

Chilichonse chimene ife tinkadandaula nacho, bambo anali ndi yankho lake. Nkhungu ankati ndiyo imasunga mpiru m'madimba pamene kwina konse kwauma. Kutentha ankati kulipo kuti munthu adziwe kukoma kwa madzi. Za udzudzu zokha ndiye ankangoseka, n'kunena kuti palibe mudzi wopanda mfiti. Munthu amene anakulira kotunga madzi ndi chingwe, ukamuika pomwe madzi amayenda okha usana wonse, sungamuuze kuti pali choipa.

Lamulungu masana m'chilimwe, tawuni yonse inkatsikira kumeneko. Amuna kumtunda, akazi kumunsi kuseri kwa bango, ana paliponse. Ena ankabwera ndi bawo n'kukhala pansi pa mkuyu, ena ndi mbedza kudzawedza milamba ndi matemba. Madalaivala a ku Chipata ankachapa maovolosi awo pathanthwe, wailesi ili pambali, akutigemula kuti Amalawi sitidziwa kuphika nsomba. Ana ambiri a m'tawunimo anawaphunzitsa kusambira ndi bambo, powamangirira chigubu chopanda kanthu pamsana. Ine ndinaphunzira ndili ndi zaka zisanu, ndipo ndinaleka nditapita kusukulu yogonera komweko ku Ludzi. Ndinabwerako ndikudziwa za likodzo, n'kuyamba kuphunzitsa bambo anga za nkhono za m'madzi. Ankandimvetsera mpaka ndimalize, kenako n'kutenga thaulo lawo.

Nthawi ya matipate inandipeza ndili mphunzitsi ku Boma. Amene sanaone zaka zimenezo sangamvetse momwe mawu oti ufulu ankakomera mkamwa. Tinali titakhala chete nthawi yaitali, ndiye pakamwa patatseguka sitinafunenso kutseka. Ine ndinali mmodzi mwa osankhidwa kupita kumawekishopu, komwe tinkaphunzira za ufulu wachibadwidwe, makamaka za achibale olanda katundu wa amasiye maliro asanazizire. Zinali zoona, ndinaziona ndi maso anga, ndipo mpaka lero zimandipsetsa mtima. Vuto linali lakuti ndinayamba kuona wolanda pankhope ya wachikulire aliyense. Paja ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine ndinali ndikudziwa zonse.

Mayi anamwalira mu Ogasiti, mphepo ya fumbi ikuomba, atadwala chibayo masabata awiri okha. Tinawaika, tinameta, ndipo patapita mwezi atsibweni anga, alongo awo a mayi, anaitanitsa tsiku la kusudzula. Kwathu mkazi akamwalira, mwamuna wake amatsala ngati mlendo pamudzi, ndipo pamafunika tsiku loti amasulidwe. Ine nditangomva ndinati ndi zomwezo, akufuna kuthamangitsa bambo. Ndinakwera minibasi mtima uli m'mwamba, ndikuloweza zokanena.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Pamudzi pathu mkamwini amene wakhala bwino ndi anthu sathamangitsidwa. Koma iye sangatsegule pakamwa kunena kuti ndikufuna kukhala, chifukwa kumeneko n'kupempha malo pamudzi wa eni, ndipo mwamuna wamkulu sachita zimenezo. Ndiye amatulutsa chikwama chake, n'kuchiika pakhomo, n'kunena kuti ntchito yake yatha, akupita. Akuluakulu amafunsa ana kuti akuti bwanji. Pamenepo mwana wamkazi woyamba, amene tsopano ndiye mwini nyumba, amadzuka osanena kanthu, kunyamula chikwamacho n'kuchibwezera m'nyumba. Basi nkhani yatha, anthu amaseka, nkhuku imaphedwa. Aliyense pabwalo paja ankadziwa zimenezi, ngakhale mng'ono wanga amene analekezera sitandade sikisi. Ine ndekha, mphunzitsi, ndinakulira m'mahositelo, ndipo palibe anaganiza zondiuza chinthu chodziwika chotero.

Tinakhala pamphasa pansi pa mango, m'mawa dzuwa litayamba kuluma. Bambo anatuluka atavala jekete lawo la kutchalitchi, naika chikwama chabuluu pakhomo, nakhala pampando. Analankhula mwachidule. Anathokoza mudzi chifukwa chowasunga, n'kunena kuti poti amene anawabweretsa wagona, iwo abwerera kwawo. Atsibweni anagwedeza mutu, natembenukira kwa ine.

"Ana inu, bambo anu akuti akupita. Mukuti bwanji?"

Ndinadzuka, inde, koma kudzukira kulankhula. Ndinati nthawi yosankhira munthu zochita inatha. Ndinati bambo ndi munthu wamkulu, ali ndi ufulu wokhala pomwe akufuna, ndipo palibe aliyense, kaya atsibweni kaya ife ana, amene ayenera kuwakakamiza. Ndinalankhula nthawi yaitali, Chingerezi ndikuthiramo ngati mchere. Atsibweni anatsokomola, nabwereza funso lomwelo pang'onopang'ono, maso ali pachikwama. Mng'ono wanga anayamba kudzuka, ine n'kumugwira dzanja kuti akhale pansi, poganiza kuti akufuna kukalira kuseri. Kenako ndinachita choipa kuposa zonse. Ndinatembenukira kwa bambo, pamaso pa anthu onse aja.

"Bambo, nenani nokha, musaope munthu. Mukufuna kukhala kapena kupita?"

Anasisita bondo.

"Ndanena kale, mayi," anatero. Ankanditchula choncho kuyambira ndili wakhanda.

Nkhani inathera pomwepo. Nkhuku imene inagwidwa kuti tidyere pamodzi inamangidwa miyendo kuti ipite nawo, pamodzi ndi dengu la ufa, monga amachitira ndi munthu amene wasudzulidwadi. Chikwama ndinawanyamulira ndine mpaka pamsewu, ndikulira, komanso ndikudzitama mumtima kuti bambo anga achoka mwa kufuna kwawo, osati mothamangitsidwa. Matola atafika anakwera kumbuyo, nkhuku ili pamiyendo. Galimoto ikuoloka mlatho ndinawaona atatembenuzira nkhope kumunsi, kumene kulibe dziwe.

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza makina awo, mabulangete, nsapato ndi zovala pafupifupi zonse zili m'malo mwake. Ndinati chisoni chawaiwalitsa. Monga munthu wadongosolo, ndinalongedza zonse bwinobwino, ndipo Lachitatu ndinazikweza pagalimoto ya wamalonda wina wopita kumalire kuti akawatulire. Sabata yonseyo achibale ankandiyankha mawu amodziamodzi. Ine ndinkati ndi manyazi poti ndawagonjetsa.

Zoona zake anandiuza ndi mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, tikuchapa padooko la akazi. Anandifunsa ngati nyumbayo ndikuifuna msanga chotero, mpaka kutumiza ndi makina omwe. Sindinamve chimene akunena. Atandifotokozera za chikwama, ndinakhala pamwala, sopo ali m'manja. Ndinakwiya, ndipo mkwiyo woyamba unapita kwa iwo, kuti bwanji osandinong'oneza. Anati onse anaganiza kuti ndikudziwa ndipo ndasankha. Anati mwana wophunzira akaima n'kuyamba Chingerezi, ndani angamukoke chitenje. Pamenepo mkwiyo unasowa kolowera, unabwerera kwa mwini wake, ndipo sunachokenso.

Loweruka lomwelo ndinapita kwawo kwa bambo. Ndinawapeza akukhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya azakhali, mlongo wawo. Ndinagwada, ndinapepesa, ndinati tiyeni tibwerere lero lomwe. Anandidzutsa, nandifunsa za ulendo ndi za ana a kusukulu. Za kubwerera anati tidikire, abale awalandira ndi manja awiri, sangawatembenukire msana sabata yomweyo. Tidikire mvula idutse. Mvula itadutsa anati tidikire akolole kamunda kamene anawapatsa. Atakolola anati mwendo ukuwawa. Atsibweni anapitako kawiri, anacheza bwino, anabwerako okha. Madzi akatayika saoleka. Bambo anali atatuluka pakhomo ndi nkhuku yomangidwa miyendo anthu onse akuona, katundu wawo n'kuwatsatira pambuyo, ndipo sanali munthu woti angalowenso pakhomo pomwepo ngati wobwera kudzapempha.

Ndinapempha kusamutsidwa, ndinabwera kudzaphunzitsa pasukulu ya kwathu, n'kumakhala m'nyumba ija kuti bambo akadzabwera adzapeze moto. Motero ndinaona ndi maso anga dziwe likutha. Chaka choyamba palibe anachotsa zitsa, aliyense poganiza kuti wina achotsa. Mtsikana wina anachekeka phazi ndi botolo, makolo n'kuyamba kuletsa ana. Ine, posaphunzirabe, ndinaitanitsa msonkhano kuti tikhazikitse komiti yosamala dziwe. Tinasankha wapampando, wachiwiri wake ndi mlembi, tinaombera m'manja, koma wolowa m'madzi ndi chikwanje sanapezeke. Ndinafuna kulowa ndekha, amayi anzanga n'kundiuza kuti lija ndi dooko la amuna, ndisadzichotsere ulemu wotsalawo.

Fodya anali atalowa m'mudzi uliwonse, ndiye nsungwi zinapita kukamanga zigafa. Anyamata anayamba kuumba njerwa pagombe pomwepo, mikuyu n'kuthera mu uvuni, ndipo ukawafunsa ankakuyankha ndi mawu anga omwe, kuti ndi ufulu wawo. Gombe litagumuka, mchenga unadzaza. Pofika zaka za m'ma 2000, mu Okutobala unkaoloka pamalopo osakweza chitenje. Lamulungu masana anthu anayamba kuthera m'mashedi a vidiyo ndi m'mabala, thukuta lili kamukamu, ndipo madalaivala anasiya kuima nthawi yaitali. Nkhungu ndi udzudzu zokha ndizo sizinasamuke. Ana amene ndinkawaphunzitsa m'kalasi, obadwira m'mphepete mwa mtsinje, ambiri sankadziwa kusambira.

Ndikawayendera bambo sankafunsa za dziwe, inenso sindinkayambitsa. Ankasoka pang'ono, zigamba za anthu a m'mudzi, kenako maso anafooka, makina n'kuphimbidwa mpaka kalekale. Kwawoko madzi anali a mavuto. M'chilimwe akazi ankalawirira kuchitsime n'kubwerako dzuwa lili pamutu, ndipo munthu amene ankasambira tsiku ndi tsiku ankapatsidwa kabeseni kamodzi, asambe n'kusungako ochapira. Azakhali sankachita mwankhanza, madziwo ndiwo kunalibe. Tsiku lina ndinawaona bambo akutuluka kubafa ndi kabeseniko, akuthira madontho otsala pamtengo wa papaya mosamala kwambiri. Zinandidya kuposa mawu aliwonse amene akanandinena. Ndinabwerera kwathu ndikudzitukwana njira yonse.

Ulendo womaliza unali mu Novembala, mitambo ikusonkhana masana n'kubalalika osagwetsa kanthu. Panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri chichokere bambo pamudzi pathu. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhomo la kanyumba kawo, ataonda, miyendo itatupa. Azakhali anandikokera pambali n'kundiuza kuti akukana kupita kuchipatala, ndipo kudya akungolawa. Ndinakhala pafupi nawo ndikuwakupiza ndi katoni. Ndinawapemphanso, sindikudziwa kuti kachingati, kuti tipite kwathu, chipatala chili pafupi, ndikawasamale ndine. M'malo moyankha, anandifunsa kwa nthawi yoyamba ngati padziwe paja madzi akufikabe m'khosi.

Ndinafuna kunama. Koma ndinali nditawalakwira kokwanira, ndiye ndinawauza zonse, za nsungwi, za njerwa, za mchenga. Anamvetsera maso ali otseka. Nditamaliza anandituma kuti ndilowe m'nyumba nditsitse chimene chili pamtanda wa denga.

Chinali chikwama chabuluu chija, chitachita fumbi ndi mwaye. Ndinabwera nacho, iwo n'kunena kuti nditsegule. Zipi inali itachita dzimbiri, ndinalimbana nayo. Pamwamba panali shati imodzi yopindidwa bwino. Pansi pake ponse panali tizidutswa ta nsalu, zotsala za pamakina, tofiira, tamaluwa, ta yunifolomu ya sukulu, totsenderezedwa mpaka m'makona.

"Ndinangodzazamo kuti chioneke chotupa," anatero. "Ndinkati chikungofika pakhomo n'kubwerera."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatseka zipi, ndinadzuka, ndinachikoleka paphewa, n'kuima pamenepo padzuwa, mayi wamkulu wa ana atatu, ndikulira ngati mwana.

"Bambo, ndachinyamula. Tiyeni."

Anandiyang'ana, ndipo sanali okwiya. Zikanandipepukira akanakwiya.

"Chitule, mayi. Khomo lake lili kutali."

Ndinachitula. Anamwalira patapita masabata atatu, ndipo tinawaika kwawo komweko, chifukwa munthu wosudzulidwa amagona kwa abale ake.